Mwamuna wa Madam ndi Nsimbi Yake

1

Dzina langa ndine Zebron, koma mukafika pa Chongwe n'kufunsa Zebron, adzakulozerani wina wake womata matayala. Funsani kuti "mwamuna wa Madam." Ngakhale mbuzi za pamsika zidzakuperekezani mpaka pageti.

Sukulu ndinalekezera giredi seveni kwathu ku Katete. Sikuti ndinali mbuli ayi, koma aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti tatopetsana. Choncho mukapeza mawu opunduka m'nkhani muno, adutseni monga mudutsira mabampu a pa Great East Road: pang'onopang'ono, osatukwana.

Ndalemba ndi chilolezo. Mkazi wanga Clotilda anati, "Lembani, atate ake Fridah. Koma mukazipanga ngwazi, na ine nizalemba yanga." Ndiye ndinena zoona zokhazokha, chifukwa mayiyu akalemba amaika ndi madeti omwe.

Ndinamulakwira mkazi amene sanandilakwirepo. Chimene ndinachita ndikuuzani, koma musandithamangitse. Ngakhale ku polisi amayamba afunsa dzina ndi mudzi.

2

Tinadziwana mu 1998, iye atandimanga. Ndinali kondakita wa minibasi ya Chongwe kupita ku Lusaka. Tsikulo tinanyamula anthu makumi awiri ndi mmodzi, kuphatikizapo mbuzi imene inali ndi mpando wakewake. Kamtsikana kovala yunifomu kanatukula dzanja.

"Kondakita, ni bangati aba?"

"Madam, aba bonse ni banja imozi. Sitingabapatule."

"Na mbuzi?"

"Ndiye mwine wa ulendo."

"Seluka." Ndinatsika.

Ku polisi, iye akulemba sitetimenti, ine maso anali pa shati lake. Ndisanakhale kondakita ndinagwirapo zaka zitatu m'nyumba ya msilikali wina wopuma ku Kabulonga, munthu amene ankayeza mzere wa buluku ndi lula. Anandiphunzitsa kusita mpaka manja anga anasanduka achipembedzo: sangaone khwinya n'kulisiya.

"Madam," ndinatero, "mulandu navomela. Koma uja anakusitilani shati iyi, mumufake mu selo imozi na ine."

Sanaseke. Koma cholembera chinaima pang'ono. Loweruka lotsatira ndinafika ku kampu ya apolisi nditanyamula nsimbi yamakala ndi kabotolo ka sitachi wa chinangwa. Anyamata ena amafunsira ndi kalata. Ine ndinafunsira ndi kolala.

Masiku amenewo wapolisi wamkazi ankapatsidwa taipi ndi ketulo. Clotilda anawiritsa tiyi zaka zinayi, akumvetsera zonse. Ndiye mu 2003 ng'ombe khumi ndi imodzi zinabedwa ku Bundabunda, kwawo kwenikweni. Amuna anakwera galimoto n'kumazungulira mumsewu, ngati mbala zimayendetsa ng'ombe patala. Iye, mwana wa mlimi, anapempha masiku awiri, navala nsapato zakumunda, n'kutsata ndowe ndi ziboda. Anabwera nazo zonse khumi ndi imodzi, pamodzi ndi amuna awiri amene anaziyendetsa okha pobwerera. Usajeni unachokera pamenepo.

Kenaka anayamba maphunziro a m'makalata, ine nditabereka Fridah kumbuyo, nsimbi kudzanja. Anakhala insipekitala, anapatsidwa sitesheni, ndipo potsiriza boma lonse, mpando umene m'nthawi yathu tinali tisanaonepo mkazi ataukhala. Panali madala wina wa ndevu zoyera amene ananena poyera kuti iye saluti amachitira kepu, osati mkazi. Clotilda anati, "Kulibe vuto, ba Sajeni. Kepu yamene iyo ili pamutu panga. Chitani."

Nyota iliyonse imene inakwera paphewa pake inakwera pa shati losita ine. Nsimbi yake ndi yomweija. Inagwa m'lole tsiku lina tikusamuka, n'kubenthuka pafupi ndi mphuno, kotero ikatentha bwino imasiya kachipsera konga chikhadabo. Ndinaphunzira kumalizira dzanja pansi pa kolala, pamene palibe amaona. Yamagetsi tinagula, koma ndi malaiti athuwa amene amabwera ngati mlendo, ine ndinakhalabe ndi yakaleyo.

3

Tsiku lina, zaka zitatu zapitazo, anaimba foni. "Naibala kepu pa tebulo. Nibweleseleni musanga."

Nthawiyo n'kuti ndili ndi kalole kanga kotutira matimati kuchokera ku Bundabunda kupita kumsika. Kepuyo ndinaiika kutsogolo, pansi pa galasi, kuti isadetsedwe. Nditafika pa lodibuloko, kamnyamata kena katsopano kanayang'ana kepu, kanaimika msana, phwa! Saluti.

Abale anga, ndadyapo uchi wa ku Nyimba, koma saluti imatsekemera. Munthu amene moyo wake wonse ankauzidwa kuti "seluka," lero akuuzidwa kuti "pitani, bwana."

Ndinapeza kepu yakale m'sutikesi, ndipo ndinabwereza katatu. Kachinayi Clotilda anainunkhiza.

"Kepu iyi inayamba liti kugulisa tomato?"

Anaitsekera m'kabati, kiyi n'kuika pa mkanda wa makiyi a ku ofesi. Kwa sabata yathunthu ankandiyankha ndi mawu amodziamodzi, ngati ndine mboni yonama.

Mwina mwati tchimo lija ndi limeneli. Sungani kaye maganizo anuwo, mudzawafuna.

4

Chaka chatha, mvula itangoyamba, anabwera madzulo n'kukhala pakhonde kuti ndimuvule nsapato monga mwa masiku onse.

"Atate ake Fridah, zina yanga yapita kumwamba. Bafuna kunipasa province."

Ndinavina ndi nsapato imodzi m'manja. Chigawo chonse! Mkazi wanga, wa ketulo uja! Mawa lake ndinauza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Woyandikana naye nyumba ndi ba Mwape, Mbemba wopuma ntchito ku khonsolo. Ife a kum'mawa ndi Abemba timachitirana chimbuya, ndiye kunyozana ndi moni wathu. Anandipeza ndikukoleza makala a nsimbi.

"Iwe wodya mbeba, namva nchito yakusila."

"Nchito ya ndani, imwe odya kolwe?"

"Yako. Kuja kuli dalaivala wa boma, kuki wa boma, na wosita wa boma, ali na nsimbi ija yochosa nthunzi. Manje iwe uzankala chani? Maluba ya pulasitiki pamwamba pa TV. Bazakupukuta chabe pa Sondo."

Ndinaseka kwambiri, mwina kupitirira muyeso. Ndinamubwezera za kolwe wakeyo, anyani amene amadya kwawo, mpaka anathawa. Koma mawu aja anakhala ngati kamnofu kotsalira m'mano.

Pakudya ndinafunsa mongocheza. "Ati kuja kuli muntu wosita?"

"Ee, aliko. Muzapumula, atate ake Fridah. Mwavutika zaka zambili."

Ananena mwachikondi, akundigwira paphewa. Kupumula. Kwathu mawu amenewo timanenera munthu amene tamunyamula pamapewa anthu asanu ndi mmodzi.

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi kupita ku tauni kukagula polishi ndi zina ndi zina. Pobwerera ndinakhala pakati pa amayi awiri onenepa ndi dengu la kapenta, ndipo ndinafika kunyumba nditafinyika ngati chovala chochapa.

5

Patapita masabata atatu, galimoto yachilendo inaima pageti. Munatuluka bambo wamtali, waulemu, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anati dzina lake ndi Mwaanga, wochokera ku likulu.

Ku likuluko kunafika kalata yotaipa, yopanda dzina. Inkati mwamuna wa Madam amazembetsa makala opanda chilolezo, ataika kepu ya mkazi wake pagalasi, ndipo Madam akudziwa. Dzina la Clotilda analiimitsa kaye. Anamupempha kuti akhale kunyumba mpaka kufufuza kuthe.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mkazi amene anabwezapo nkhuku ya mphatso mpaka kwa mwini wake, wapansi. Lero yunifomu ili m'kabati, iye ali m'chitenje, akupalira chimanga kuseri kwa nyumba ngati akukwirira munthu.

Ba Mwaanga anakwera kumbuyo kwa kalole kanga n'kupaka chala m'makona onse. Sanapeze fumbi la makala, koma njere za matimati zokha.

"Nanga kepu, ba Zebron? Munaifakapo pa gilasi?"

Ndikanakana, koma kamnyamata ka saluti kaja kanali katanena kale.

"Kanayi chabe, bwana. Koyamba sikubelengeka."

Analemba. Pamene ndinaona cholembera chikuyenda, ndinazindikira kuti bodza likakhala ndi mwendo umodzi woona limathamanga kuposa la miyendo iwiri yabodza.

Pa Chongwe nkhani siigona ndi njala. Anthu anafuna wolemba kalata, ndipo anamupeza: Benedict, wachiwiri kwa Clotilda, munthu wofatsa amene anayamba ntchito iye asanayambe koma anatsala m'mbuyo. Ku ofesi anzake anasiya kudya naye. Ku tchalitchi mkazi wake Mainess ankakhala pabenchi yekha, ngati ali ndi chifuwa. Ba Mwape atandifunsa maganizo anga, ndinati, "Uja Benedict maso yake siyanikondwelesa." Ndinanena zimenezo ine, ndi pakamwa pano.

Clotilda yekha ndi amene sanaloze chala. Anangopempha chinthu chimodzi kwa ba Mwaanga: kuti aione kalatayo, osati kope, koma yeniyeniyo. Anapita ku Lusaka Lachinayi. Anabwerako madzulo. Anadya, anayamika ndiwo, anafunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Mkazi wanga akayamba kuyamika ndiwo, munthu wanzeru amayamba kulongedza.

6

Loweruka m'mawa ndinali pakhonde ndikusita nsalu za patebulo, poti manja anasowa yunifomu. Anabwera ndi pepala loyera, lopanda cholembedwa. Analifinya m'manja mpaka linakhala kampira, n'kuliponya pathebulo langa.

"Nisitileni iyi."

"Pepala, amake Fridah?"

"Nifuna kulembapo."

Ndikanafunsa chifukwa chake analifinya. Koma ndanena kale za manja angawa. Asanamalize kulankhula, ndinali nditaliyala, nditayesa nsimbi ndi malovu, n'kuiyendetsa kuchokera pakati kupita m'mphepete. Ndinamalizira dzanja pakona yakumanja, monga ndimalizira pansi pa kolala. Ndinalipinda patatu ngati mpango wa m'thumba, n'kudinda mzere uliwonse.

Analitenga, nalitambasula, naliyang'anitsa padzuwa. Pakona panali kachikhadabo kofiirira. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha kalata ya ku likulu ija. Pakona yakumanja, kachikhadabo komweko.

"Nkalani pansi, ba Zebron."

Zaka zonsezi anali asananditchulepo dzina langa m'nyumba. Ndinakhala.

Inde, owerenga. Ndinali ine.

Tsiku la polishi lija ndinalowa m'kashopu ka makompyuta ku Kamwala, kumene palibe ondidziwa, n'kutaipitsa kalata yodzineneza ndekha. Ndinkadziona wochenjera: ndani angaganize kuti munthu wadzilembera mlandu? Za makala ndinapeka dala, podziwa kuti sadzawapeza. Ndinkati adzafufuza pang'ono, mpando udzapita kwa wina, ife tidzakhala pa Chongwe pathu, ine ndi nsimbi yanga. Koma amayi a kapenta aja anaifinya kalata m'thumba. Nditafika kunyumba ndinaiona makwinya okhaokha, ndipo mtima unakana. Kalata yopita ku likulu, ipite chonchi? Anthu adzati wolembayo analeredwa kuti?

"Ma kalata ya bodza naonapo yambili," anatero Clotilda. "Yonunka fodya, yonunka mowa, ina inali na supu. Koma yosita, yopinda patatu, yonunka sitachi? Ninangoigwila chabe, nati uyu ni mwamuna wanga."

"Amake Fridah..."

"Sininasilize. Zaka twente seveni nagwila bakawalala. Kawalala amabisa manja. Imwe munafakapo na sitampa."

Ndinayesa kuseka, poti kuseka ndi kumene kwandipulumutsa moyo wanga wonse. Sikunatuluke.

"Manje niuzeni chifukwa. Kuli mukazi wina pano pa Chongwe wamene simufuna kusiya?"

"Kulibe! Mulungu aone."

"Nanga ni chani?"

Ndinayang'ana nsimbi. Makala anali akuzima.

"Munati nizapumula. Ine sukulu nilibe, nyota nilibe. Chamene nili nacho ni muzele wa pa shati yanu. Mukaimilila pa peledi, bantu baona Madam, ine niona nchito yanga. Manje kuja kuli wosita wa boma. Ine nizankala ndani?"

Ndinaona maso ake atanyowa, ndipo ndinati mwina ndapulumuka. Iwalani. Mayiyu amatha kulira ndi diso limodzi, linalo likuwerenga lamulo.

"Sembe munanifunsa chabe," anatero motsitsa. "Pakamwa pamene pamakamba na mbuzi zonse za mu Chongwe, panalepela kukamba na ine? Mwanichita chamene bamuna bonse ba ku nchito banalepela kunichita. Na Benedict, mwamudyesa nsoni za mahala. Valani shati. Muzayenda mweka kuli ba Mwaanga. Ine sinizakupelekani, sinizakukambilani, na mulandu wanu sinizaugwilako."

7

Ndinapita ndekha, pa minibasi. Ba Mwaanga anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

"Ba Zebron, munaisita?"

"Inali na makwinya, bwana."

Kunamiza boma ndi mlandu, ndipo palibe anaufafaniza. Khoti linandipatsa miyezi itatu yosesa pamsika wa Chongwe, m'mawa uliwonse, anthu akuona. Amayi a matimati amene ndinkawatutira katundu ankandiitana, "Ba Madam, apa mwasiyapo!" Ba Mwape ankabwera ndi kampando kake kudzaonerera, ati sanaonepo wa kum'mawa akugwira ntchito yoona.

Koma tsache linali lopepuka poyerekeza ndi ulendo wa kwa Benedict. Ankhoswe athu anabwera kuchokera ku Bundabunda, ndipo tinapita ndi tambala woyera. Ndinagwada pakhomo, pamaso pa iye ndi Mainess. Benedict anangoti, "Nyamukani, mudala, vinasila." Mainess sanafulumire choncho.

"Nkuku talandila," anatero. "Koma pa Sondo muzabwela munkale pa benchi ija naenze kunkala neka. Mumveko mwamene imazizilila."

Ndinakhalapo Masabata anayi. Imazizira.

A ku likulu anamuyeretsa Clotilda, koma mpando uja unali utapita kale kwa wina. Tsiku limene anamva, anatseka chitseko cha kuchipinda, ndipo ine ndinaima panja ngati galu wodya mazira. Anabwerera ku ofesi yake yakale, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri ankasita yekha yunifomu, ndi nsimbi yamagetsi, ine ndikuona. Sanandilole ngakhale kugwira batani. Chilango cha khoti chinali masewera.

Kenaka dzina lake linakweranso, chigawo china, kutali kuposa choyamba. Ulendo uno palibe analemba kalata. Polongedza ndinatulutsa sutikesi yanga.

"Muyenda kuti?" anafunsa.

"Na imwe."

"Imwe musale. Mbuzi zifuna muntu. Munafuna Chongwe, ni iyi."

Anapita. Ndinatsala ndi mbuzi, ba Mwape, ndi nsimbi yozizira.

Patatha miyezi iwiri, mwana wathu Fridah ananditumizira pafoni kavidiyo ka peledi. Apolisi mazana ali ndiii, amuna a mimba zawo akuchita saluti, kutsogolo kuli amayi ake. Ndinaonera katatu, misozi ili m'maso. Kachinayi ndinaona chinthu. Pa dzanja lamanzere la shati panali mizere iwiri, yoyenda limodzi ngati njanji.

Ndinagwira foni kuti ndiimbe. Ndinaibweza. Munthu wosesa pamsika alibe mawu pa zovala za boma.

Madzulo omwewo inalira yokha.

"Atate ake Fridah. Mwaiona vidiyo?"

"Naona, Madam. Munaoneka bwino maningi."

"Bodza mwayambanso?"

"Kwanja ya kumanzele."

"Mizele ibili," anatero. "Nayenda nayo peledi yonse monga sitima. Mbuzi mupase ba Mwape. Mukwele basi ya mawa."

"Nibwele na chani?"

"Musanifunse vopusa. Na malasha mubwele nayo. Ya chilolezo."

8

Ndikulemba izi ndili m'nyumba ya boma, pathebulo la kuseri. Wosita wa boma alipodi, dzina lake Sanford, bambo wa ana asanu. Tinagawana: iye makatani ndi nsalu za pabedi, ine yunifomu. Ndikumuphunzitsa kolala, ndipo akubwera bwino, ngakhale dzanja lake ndi lolemera.

Kwa inu amuna anzanga amene akazi anu akukwera makwerero inu mutagwira pansi: mantha amenewo ndikuwadziwa, amabwera atavala nthabwala za anzanu. Ine ndinaopa kukhala maluwa a pulasitiki, ndipo pothawa zimenezo ndinadula chaka chathunthu pa ntchito imene mkazi wanga anaimanga kuyambira pa ketulo. Chaka chimenecho sindingachisite kuti chibwerere. Iye anandikhululukira, koma kiyi wa kabati ya makepu akadali pa mkanda wake, ndipo sindinamufunsepo.

Chikakukolani pakhosi, nenani kwa mwini wake ali pakhonde, nsapato imodzi ili m'manja mwanu. Funso limene ndinkaliopa linali la mawu atatu okha, "Ine nizankala ndani?", ndipo yankho lake ndinakalipeza nditazungulira ku Kamwala, ku khoti ndi pabenchi ya Mainess.

Ndipo inu amayi, mukamuuza mwamuna kuti akapumule, muyang'aneni kumaso kaye.

Ndilekeze pano. Mawa kuli peledi, ndipo makala afiira.